ZA KULERA MWANA WA GARU

Kwa eni mabanja a kwa Malenga Chanzi ndi a m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota.

Mwa ziweto zonse za pamudzi garu yekha ndiye amene anthu amfuna kuti awagwirire nchito osampatsa kanthu. Mbuzi muzimangira khola, nkhunda muziikira madzi, koma garu agona paphulusa nadya zimene ana ataya. Komabe ndi iyeyo amene adzuka usiku pamene fisi azungulira khola, napirikitsa anyani ndi apusi m'munda wa cinangwa, nauwa pakufika mbala. Ndipo garu yemweyo akapanda kusamalidwa akhoza kulowetsa m'nyumba mwanu nthenda ya ciwewe, imene ikayamba kuoneka mwa munthu imupha ndithu. Cifukwa cace talemba mau awa, kuti mudziwe kaleredwe ka kagaru kuyambira tsiku limene mukatenga kwa mace. Akuru anati, mmera mpoyamba. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba ndiyo iumba garu amene mudzakhala naye zaka 10 kapena kupitirira.

1. MUSANATENGE KAGARU

Yambani mwadzifunsa ngati m'nyumba mwanu muli cakudya cokwanira pakamwa pena tsiku liri lonse, ngakhale m'miyezi ya January ndi February pamene nkhokwe zapepuka. Garu mmodzi wokhuta aposa agaru anai anjala. Garu wanjala aba usipa pathandala, amwa mazira a nkhuku, agwira anapiye a mnansi wanu, ndipo mwini wace ndiye akaima pabwalo kwa amfumu kukalipa. Kumbukiraninso kuti kuno kwathu anansi athu ambiri ndi Asilamu, amene mwa cipembedzo cao safuna kuti garu anyambite ziwiya zao kapena kufika pamalo popempherera. Munthu wofuna mtendere aletsa garu wace kuyendayenda m'makomo a eni.

2. KUSANKHA KAGARU

Garu wamkazi akhala ndi bere masiku ngati 63. Ana ace abadwa osapenya ndi osamva, natsegula maso pakati pa masiku 10 ndi 14. Mkaka woyamba wa mace uli ndi mphamvu yowachinjiriza ku nthenda, ndipo posewera ndi abale ace kagaru kaphunzira kusaluma kolimba. Potero musakacotse kwa mace kasanakwanitse masabata 8. Kotengedwa msanga kalira usiku wonse, kadwaladwala, ndipo kakakula kakhala kamantha kapena kolusa.

Pitani nokha kumene kanabadwira, muone mace. Ngati mace ali wofatsa kwa a pakhomo ndi wacheru kwa alendo, ana ace ambiri adzatsata momwemo. Sankhani kagaru ka maso oyera opanda manthongo, ka ubweya wosalala, ka nkhama zofiirira, kamene kabwera kukununkhizani kosaopa. Lekani kamene kabisala pangodya, kapena ka mimba yotupa ndi nthiti zoonekera, kapena kamene kali ndi zotsalira za kutsegula m'mimba pansi pa mcira. Cenjeraninso ndi tiagaru togulitsa m'mbali mwa miseu ya ku Lilongwe ndi Blantyre, pakuti simudziwa mace, simudziwa masiku ace, ndipo tambiri tacotsedwa kubere nthawi isanakwane.

3. ZA GARU WA MIYENDO YAIFUPI

Masiku ano ana athu okhala m'mizinda nthawi zina abwera kumudzi ndi agaru a mitundu yacilendo. Mwa iyo ulipo mtundu wina wochedwa dachshund, wa thupi lalitali, miyendo yaifupi ndi makutu olendewera. Kwao kwa garu ameneyu ndi ku Germany, ndipo dzina lace m'cinenero ca kumeneko litanthauza garu wosaka nyama ina ya m'mauna yofanana ndi ciuli. Alenje a kumeneko anamsankha dala wotere kuti azilowa kuuna, nakumba ndi mapazi ace akutsogolo, nauwa kolimba ali pansi kuti mbuye wace amve pamene ali. Bungwe la oweta mtundu umenewu ku Germany linayamba m'caka ca 1888. Wamkuru wace alemera makilogalamu 7 kufikira 14, ndipo ulipo wina wamng'ono wosapitirira makilogalamu 5. Ena ali ndi ubweya waufupi wosalala, ena wautali, ena wokhakhala. Kuno kotentha woyenera ndiye wa ubweya waufupi.

Ubwino wace ndi uwu: adya pang'ono, akonda mbuye wace, agwira makoswe, ndipo mau ace ndi akuru kuposa thupi lace, kotero kuti mlendo safika pakhomo osadziwika. Koma musayembekeze kuti adzalimbana ndi fisi kapena nyani. Alimba mtima kopitirira msinkhu wace, ndipo akathamangira nyani adzang'ambidwa. Khalidwe lace lokumba saliiwala. Mukamlekerera adzafukula mizere ya mbatata ndi nazale wa mpunga pofuna mbewa. Athamangitsanso nkhuku akapanda kuletsedwa akali wamng'ono.

Bvuto lace lalikuru liri pamsana. Pakati pa mafupa a msana pali tinthu tofewa tokhala ngati nkhata, ndipo mwa mtundu uwu nkhatazo ziuma msanga garu akali wa zaka zocepa. Imodzi ikaphulika ipsinja mtsempha waukuru wa msana. Pamenepo garu alira pomkhudza, apinda msana, kapena akoka miyendo yakumbuyo pansi. Cifukwa cace sungani malamulo awa. Musamlole kunenepa, nthiti zace zizimveka mukampapasa. Musamlole kudumpha kucokera pakhonde lalitali, pangolo kapena m'bwato. Pomnyamula ikani dzanja limodzi pansi pa cifuwa ndi lina pansi pa ciuno, msana ukhale woongoka, ndipo ana asamnyamule ndi miyendo yakutsogolo. Akayamba kukoka miyendo, mtsekereni m'malo ocepa momwe sangayendeyende, nimuitane mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti mimba yace iri pafupi ndi dothi, motero mcenga wotentha wa mu October umpsereza msanga kuposa agaru ena.

Tsono ngati mufuna garu wolonda munda ndi khola, garu wathu wa kumudzi ndiye woposa. Makolo ace akhala m'dziko lino mibadwo yambiri, apirira dzuwa ndi ulendo wautali, ndipo sagwa msanga ndi nthenda za nkhupakupa monga acitira agaru acilendo. Zonse zotsatirazi zikhudza mitundu iwiri yonse.

4. CAKUDYA NDI MADZI

Kagaru kakula msanga ndipo mimba yace ndi yaing'ono, motero kafuna kudya pang'ono pang'ono kawirikawiri. Kufikira miyezi 3 kapatseni kanai patsiku. Kuyambira miyezi 3 kufikira 6, katatu. Pambuyo pace kawiri, m'mawa ndi madzulo.

Nsima yokha sikuza garu, makamaka kondowole, pakuti cinangwa cikhutitsa mimba koma ciribe zomanga thupi. Kagaru koleredwa ndi kondowole yekha kakhala ka miyendo yokhota ndi ubweya wothothoka. Inu a kunyanja muli ndi mwai umene a kumtunda alibe. Tengani usipa wouma kapena bonya, ngakhale zofumbutuka zotsala pansi pa dengu, musinje zikhale ufa, nimuphike pamodzi ndi phala la mgaiwa kapena la gaga: magawo atatu a phala, gawo limodzi la nsomba. Timafupa ta usipa tosinjidwa tilimbitsa mafupa ndi mano. Onjezani nkhwani wophika pang'ono, nsinjiro pang'ono, ndi dzira lophika pamene lipezeka. Mkaka wa ng'ombe ukacuruka utsegula m'mimba, perekani wocepa.

Izi musapatse kagaru: minga ya cambo, kampango kapena mlamba, ndi mafupa ophika a nkhuku, pakuti athetheka nalasa kukhosi ndi m'matumbo, nsomba zaziwisi tsiku ndi tsiku, pakuti zina ziononga cakudya ca mitsempha m'thupi, anyezi ndi ndiwo za tsabola kapena mcere wambiri, cinangwa cowawa cosabviika ndi madzi obviikamo cinangwa, pakuti muli ululu wakupha. Mankhwala a makoswe muwaike kumene garu safika, ndipo khoswe wofa nao mumkwirire mozama.

Garu akhale ndi mbale yaceyace, yosalowa m'gulu la mbale za anthu, ndi madzi abwino pamthunzi usana wonse. Garu saturuka thukuta monga munthu. Adziziziritsa ndi kupuma wefuwefu, ndipo posowa madzi m'nyengo yotentha akhoza kufa tsiku limodzi. Akakhala ndi madzi pakhomo sapitanso yekha kukamwa kudooko kapena kumtsinje, kumene ng'ona zagwira agaru ambiri.

5. POGONA

Mumangire kakhumbi pafupi ndi khomo, kofolera bwino, kopenya kumbali yosacokera mwera, pakuti mphepo ya mu June ndi July ipha tiagaru togona pabwalo. Pansi pakhale pokwera ndi pouma, poyala ciguduli cimene mucapa ndi kuyanika padzuwa sabata iri yonse. Usiku woyamba kadzalira pofuna mace. Musakamenye, kadzatonthola patapita masiku awiri kapena atatu.

Musamange garu pacingwe cacifupi usana ndi usiku. Ena ayesa kuti potero, kapena pomtsekera m'mdima, kapena pomdyetsa tsabola ndi camba, adzakhala mlonda wabwino. Garu wotere asanduka wolusa wopanda nzeru, ndipo woyamba kulumidwa akhala mwana wa pakhomo pomwepo. Kudula makutu ndi mcira sikuonjeza ukali kapena liwiro. Kungopatsa nchenche cironda.

6. TIZIROMBO TA M'MIMBA NDI TA PAKHUNGU

Pafupifupi kagaru kali konse kabadwa ndi njoka za m'mimba, zimene katenga kwa mace kasanabadwe ndiponso m'mkaka. Zina zidya cakudya cace, zina ziyamwa mwazi kufikira nkhama ziyera. Mankhwala ace aperekedwa pa masabata 2, 4, 6 ndi 8, kenaka kamodzi pamwezi kufikira miyezi 6, ndipo pambuyo pace kamodzi pa miyezi itatu iri yonse. Muyeso wace utsata kulemera kwa garu, cifukwa cace funsani mlangizi wa ziweto. Mazira a njokazi aturuka m'ndowe nakhala m'mcenga wonyowa, ndipo ana osewera pamenepo awatenga m'manja ndi kumapazi. Wolani ndowe za garu ndi khasu m'mawa muli monse, mutaye m'cimbudzi, ndipo ana asambe m'manja asanadye.

Nkhupakupa zibweretsa malungo a agaru: garu aleka kudya, atentha thupi, nkhama ziyera kapena zicita cikasu, ndi mkodzo ufiira. Papasani kagaru madzulo ali onse m'makutu, m'khosi ndi pakati pa zala. Gwirani nkhupakupa pafupi ndi khungu nimuizule pang'onopang'ono, muiponye pamoto. Mankhwala osambitsira ng'ombe ndi amphamvu kopitirira kagaru, ndipo mankhwala a m'munda wa thonje kapena fodya akhoza kukapha. Mafuta akuda a galimoto saciritsa mphere. Mankhwala a anthu oletsa kupweteka, monga panado, aononga ciwindi ndi mwazi wa garu, musampatse.

M'nyengo ya mvula mudzaona timatuza pamimba ndi pamiyendo ya kagaru, tiri ndi kabowo pakati. M'menemo muli mphutsi za nchenche ina imene iikira mazira padothi la mthunzi lonunkha mkodzo. Matani kabowoko ndi mafuta odzola olimba kuti mphutsi isowe mpweya, ndipo ikasuzumira finyani pang'ono ituruke yamphumphu. Tsukani pabalapo ndi madzi a mcere. Sesani pogona pace kuti pakhale pouma.

Iriponso nthenda ina yoopsa imene inayamba kudziwika pa dziko lapansi m'caka ca 1978, yochedwa parvo. Kagaru kasanza, katsegula m'mimba mwa mwazi monunkha kwambiri, ndipo kakhoza kufa pa masiku awiri kapena atatu. Kacirombo kace kakhala m'dothi miyezi yambiri. Katemera wace ayamba pa masabata 6 kufikira 8, nabwerezedwa pa masabata atatu kapena anai ali onse kufikira masabata 16. Pakhomo pamene kagaru kafa ndi nthendayi musabweretsepo kena kosalandira katemera.

7. CIWEWE

Apa ndipo pagona moyo wa ana anu. Ciwewe cipha anthu ngati 59,000 caka ndi caka pa dziko lonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 100 ogwidwa naco, pafupifupi 99 acitenga kwa garu, ndipo mwa 10 olumidwa ndi garu woganiziridwa ciwewe, anai ndi ana osafika zaka 15. Kacirombo kace kali m'malobvu. Kalowa pabala, nkuyenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira kubongo. Ulendowo utenga miyezi iwiri kapena itatu, nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina caka. Bala likhoza kupola munthu nkuiwala, kacirombo kali paulendo. Bala la kumaso kapena kukhosi ndilo loopsa koposa, pakuti njira yace ndi yaifupi.

Zizindikiro mwa garu ziri za mitundu iwiri. Wina asintha khalidwe, ayendayenda kutali, aluma mitengo, miyala, ziweto ndi anthu, mau ace asasa, dobvu liri cucucu. Wina angokhala cete, cibwano cagwa, monga ngati pfupa lamuima pakhosi. Musapise dzanja m'kamwa mwa garu wotere. Kagaru kakang'ono nakonso kakhoza kukhala ndi ciwewe. Musanene kuti ndi mwana cabe.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, citani izi mosacedwa. Tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri otsanulira kwa mphindi 15 zathunthu. Kutsukaku kucotsa tizirombo tambiri. Musapakepo phulusa, tsabola kapena zitsamba, ndipo musamange bala kolimba. Pitani naye tsiku lomwelo ku cipatala cacikuru ca boma ku Nkhotakota kapena ku cipatala ciri conse ca pafupi, kuti alandire jakisoni. Jakisoniyo abayidwa kangapo pa masiku osiyana; mutsirize onse, ngakhale bala litapola. Uzani ana anu kuti asabise garu akawaluma, ndipo musawakalipire akanena, pakuti mwana woopa mkwapulo abisa bala limene lidzamupha.

Garu woluma munthu, ngati aoneka wamoyo, mumtsekere masiku 10, mukumpatsa cakudya ndi madzi. Akakhala bwino masiku onsewo, analibe ciwewe m'malobvu pa tsiku lolumalo. Koma wolumidwayo asadikire masikuwo, ayambiretu jakisoni. Garu wopenga akaphedwa musaphwanye mutu wace, pakuti bongo ndiwo upimidwa. Musamgwire ndi manja, ndipo dziwitsani mlangizi wa ziweto ndi amfumu. Mbuzi kapena ng'ombe yofa ndi zizindikiro zotere musaisende kapena kuidya.

Katemera woyamba wa ciwewe kwa munthu anaperekedwa ndi Louis Pasteur ku Paris m'caka ca 1885, kwa mnyamata wa zaka 9 dzina lace Joseph Meister, ndipo anapulumuka. Pasteur anamwalira pa 28 September 1895, ndipo kuyambira 2007 maiko akumbukira nkhondo yolimbana ndi ciwewe pa tsiku limenelo caka ciri conse. Akatswiri apeza kuti agaru 7 mwa 10 ali onse a m'dera akalandira katemera, nthendayi isowa poyenda nizilala. M'caka ca 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agaru oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre pa masiku 20 a nchito, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika ndi ciwewe ku cipatala ca Queen Elizabeth anacepa kwambiri.

Kagaru kanu kalandire katemera wa ciwewe pa miyezi 3, ndipo kabwereze caka ndi caka. Obaya akafika m'mudzi mwanu kasanakwane miyeziyo, pitani nakobe. Sungani cikalata cace pamodzi ndi mapepala ofunika a m'nyumba. Ena anena kuti katemera alefula garu kapena amletsa kubala. Mau amenewo ndi abodza. Inu eni mbumba, limbikitsani mudzi wonse, pakuti garu wanu yekha akabayidwa, a anansi osabayidwa, ana anu akali pangozi panjira ya kusukulu.

8. KUPHUNZITSA

Mupatse kagaru dzina lalifupi, losanyoza mnansi, pakuti dzina lokhala ndi mwambi liutsa ndeu nthawi iri yonse mukaitana. Kaitaneni pa nthawi ya cakudya kuti kadziwe kuti kubwera kwa mbuye wace kuli ndi mphotho. Kakacita bwino, kayamikeni pomwepo ndi kanthu kakudya. Kakalakwa, nenani "Leka" ndi mau olimba pa nthawi yomweyo. Kukamenya patapita ora sikuphunzitsa kanthu, pakuti sikadziwa cimene mukamenyera. Kazolowezeni nkhuku, mbuzi ndi ana kasanakwane miyezi 4, inu muli pomwepo. Pakati pa miyezi 4 ndi 7 mano ace oyamba 28 aguluka, namera 42 okhalitsa. Pa nthawiyo katafuna ciri conse, motero bisani maukonde ndi nsapato. Ana muwaphunzitse kusasokoneza garu pamene adya, agona, kapena ayamwitsa.

9. GARU NDI NKHALANGO

Kumadzulo kwathu kuli nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota, imene kuyambira 2015 iyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks pamodzi ndi boma, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 anabweretsamo njobvu ngati 500 zocokera ku Liwonde ndi Majete. Kusaka ndi agaru m'menemo ndi mlandu waukuru pa malamulo a dziko. M'malire mwace mulinso kashembe, amene apatsa anthu nthenda ya kaodzera. Garu akalumidwa naye atentha thupi, aonda, maso ace acita mtambo woyera, ndipo posalandira mankhwala afa. Nchito ya garu wanu iri pakhomo ndi kumunda.

10. KUBALA

Garu wamkazi ayamba kufuna amuna ali ndi miyezi 6 kufikira 12, nabwereza kamodzi kapena kawiri pacaka, ndipo abala ana anai, asanu kapena oposa. Ana osowa mwini ndiwo asanduka agaru oyendayenda amene afalitsa ciwewe. Ngati simufuna ana, madokotala a ziweto adziwa kutseka wamkazi ndi kufula wamwamuna atamgoneka ndi mankhwala; ku Lilongwe bungwe la LSPCA licita nchito imeneyi. Musafule garu nokha ndi mpeni kapena mphira. Garu wofulidwa alondabe pakhomo, ndipo sacokacoka usiku.

MAU OTSIRIZA

Sungani zinthu zisanu izi: kagaru kakhale kwa mace masabata 8, kadye phala la nsomba ndi kumwa madzi abwino, kamwe mankhwala a njoka pa nthawi yace, kalandire katemera wa ciwewe pa miyezi 3 ndi caka ciri conse, ndipo bala liri lonse la garu litsukidwe ndi sopo mphindi 15, wolumidwayo napite kucipatala tsiku lomwelo. Werengerani mau awa anzanu osadziwa kuwerenga, ndipo mukambirane pabwalo kwa amfumu tsiku limene mudzi wonse udzabayitsa agaru ace.